Dynamic DNS

Dynamic DNS, yomwe mwachidule imalembedwa kuti DDNS, ndi njira yothandiza kuti kompyuta imene adiresi yake ya pa intaneti imasinthasintha izipezekabe ndi dzina limodzi losasintha. Amaigwiritsa ntchito anthu amene ali ndi kompyuta, seva yaing'ono kapena makamera a chitetezo kunyumba, kusitolo kapena ku ofesi, ndipo amafuna kuti azitha kulowa m'zipangizozo iwo ali kutali.

Vuto limene njirayi imathetsa likufanana ndi la munthu wosinthasintha simu khadi. Nambala yake yakale ikasiya kugwira, anzake sangamuimbire kuti awauze yatsopano, chifukwa kuti amuimbire ayenera kukhala nayo kale nambalayo. Mwini wake ndiye ayenera kuyamba kuwaimbira, kapena kusiya uthenga kwa munthu amene aliyense amadziwa kumene amakhala. Ndi mmenenso zilili ndi kompyuta yakutali: adiresi yake ikasintha, palibe angaifunse, choncho iyo yomwe iyenera kukanena adiresi yatsopanoyo pamalo amene sasuntha. Njira zonse zolondolera adiresi yosinthasintha zimachokera pa mfundo imeneyi.

Chifukwa chake adiresi imasintha

Chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa intaneti chimadziwika ndi nambala yotchedwa adiresi ya IP. Mtundu wa adiresi umene unafala kwambiri ndi IPv4, umene unafotokozedwa mu Seputembala 1981 m'chikalata cha RFC 791. Ma RFC ndi zikalata zimene akatswiri amalembamo malamulo a mmene intaneti iyenera kuyendera, ndipo chikalata chilichonse chili ndi nambala yake. Adiresi ya IPv4 imalembedwa ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255, mwachitsanzo 203.0.113.7. Adiresi yotere imakhala ndi mabiti 32, kutanthauza kuti maadiresi onse amene angakhalepo ndi 4,294,967,296. Mu 1981 chiwerengero chimenechi chinkaoneka chachikulu zedi, poti makompyuta olumikizana anali ochepa, a m'mayunivesite, a asilikali ndi a malo ochitira kafukufuku. Lero anthu padziko lapansi apitirira 8 biliyoni, ndipo ambiri ali ndi zipangizo zoposa chimodzi.

Bungwe la IANA ndi limene limagawa maadiresi kwa mabungwe asanu a m'zigawo za dziko lapansi, ndipo mabungwewo amagawira makampani opereka intaneti. Bungwe la mu Africa ndi AFRINIC, lomwe likulu lake lili ku Mauritius. Pa 3 Febuluwale 2011 IANA inagawa magulu omaliza a maadiresi a IPv4 amene inali nawo, ndipo mu Novembala 2019 bungwe la RIPE NCC, lomwe limatumikira Europe ndi Middle East, linalengeza kuti nalonso maadiresi alithera.

Koma makampani anayamba kalekale kusampatsa kasitomala wamba adiresi yakeyake. Amangomubwereka. M'zaka za m'ma 1990, pamene anthu ankalowa pa intaneti poimba lamya ya m'nyumba kudzera pa modemu, kampani inkasunga maadiresi ongokwanira anthu amene alumikiza pa nthawi imodzi. Munthu akadula lamya, adiresi imene anali nayo inkapita kwa wina. Chizolowezichi chinapitirira ngakhale pamene kunabwera intaneti yokhala yolumikizidwa usana ndi usiku.

Njira imodzi yobwereketsera maadiresi ndi DHCP, yomwe inalembedwa koyamba mu 1993 ndipo inakonzedwanso mu 1997 m'chikalata cha RFC 2131. Pa njira imeneyi adiresi imakhala ngati nyumba ya lendi: chipangizo chimapatsidwa adiresi kwa nthawi yoikika. Theka la nthawiyo likadutsa, chipangizocho chimapempha kuti aiwonjezere, ndipo kawirikawiri chimaloledwa. Ndi chifukwa chake rauta imene siithima ikhoza kukhala ndi adiresi imodzi kwa miyezi, mwini wake mpaka kuyamba kuganiza kuti ndi yokhazikika. Tsiku limene rautayo idzathime kwa nthawi yaitali, nthawi ya lendi ndi kutha, adiresiyo ikhoza kuperekedwa kwa kasitomala wina. Makampani ena amagwiritsa ntchito njira ya PPPoE, ndipo pa njira imeneyi adiresi imasintha pafupifupi nthawi iliyonse rauta ikalumikiza mwatsopano. Ku Germany makampani ambiri a intaneti ya DSL ankadula dala kasitomala aliyense pa maola 24 alionse, moti adiresi inkasintha tsiku ndi tsiku. Kumadera amene magetsi amathimathima, ntchito yodulayi amaigwira ndi magetsi.

Makampani ambiri amagulitsa adiresi yokhazikika, yotchedwa static IP, pa mtengo wowonjezera, makamaka kwa mabizinesi. Amene angakwanitse kulipira safunikira Dynamic DNS.

Adiresi ya mkati ndi adiresi ya kunja

Chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri ongoyamba kumene ndi chakuti kompyuta ya m'nyumba nthawi zambiri sidziwa adiresi imene anthu akunja amaiona nayo. Munthu akalemba lamulo la ipconfig pa Windows, kapena ip addr pa Linux, amaona adiresi yonga 192.168.1.20. Imeneyi ndi adiresi ya mkati. Chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinapatula magulu atatu a maadiresi kuti azigwira ntchito m'nyumba ndi m'maofesi mokha: oyamba ndi 10, ochokera pa 172.16 kufika pa 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Nyumba mamiliyoni ambiri zili ndi kompyuta yokhala ndi adiresi 192.168.1.20 yomweyo, ndipo sizilimbirana chifukwa maadiresi amenewa satuluka pakhomo.

Adiresi ya kunja, yotchedwa public IP, imakhala pa rauta. Zipangizo zonse za m'nyumba zikamatumiza uthenga pa intaneti, rauta imachotsa adiresi ya mkati ndi kuikapo yake, ndipo imalemba m'kaundula wake kuti uthenga wakutiwakuti wachokera ku chipangizo chakuti. Yankho likabwera imayang'ana m'kaundulamo ndi kulipereka kwa mwini wake. Ntchito imeneyi imatchedwa NAT.

Tsono kuti kompyuta idziwe adiresi yake ya kunja, iyenera kufunsa rauta, kapena kufunsa seva ina ya pa intaneti kuti, "Ukundiona ndikuchokera pa adiresi iti?" Alipo mawebusaiti amene ntchito yawo ndi yokhayi, monga icanhazip.com, ifconfig.me ndi checkip.amazonaws.com. Webusaiti ya icanhazip.com anaiyambitsa Major Hayden mu 2009, ndipo inkalandira mafunso ochuluka kwambiri moti mu 2021 anaipereka ku kampani ya Cloudflare kuti iziisamalira. Munthu akalemba curl ifconfig.me, chimene chimabwera ndi mzere umodzi wokha wa manambala. Mapulogalamu oimbira foni ndi vidiyo pa intaneti amachita zofanana pogwiritsa ntchito njira yotchedwa STUN.

Dzina ndi nambala

Anthu sakumbukira manambala, amakumbukira mayina. Poyambirira mayina a makompyuta onse a pa netiweki ya ARPANET ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, yomwe inkasungidwa ku Stanford Research Institute ku California, ndipo aliyense ankaikopera. Makompyuta atachuluka njirayi inalephera, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS, yomwe ili ngati buku lalikulu la manambala a foni logawidwa m'maseva ambirimbiri. M'bukuli, mzere umene umalumikiza dzina ndi adiresi ya IPv4 umatchedwa A record.

Mzere uliwonse umakhala ndi nambala ina yotchedwa TTL, imene imauza maseva ndi makompyuta ena kuti angasunge yankho kwa masekondi angati asanafunsenso. Webusaiti imene adiresi yake sisintha ikhoza kuika ola limodzi, lomwe ndi masekondi 3,600, kapena tsiku lathunthu, masekondi 86,400. DNS inakonzedwa ndi maganizo akuti maadiresi sasintha kawirikawiri, ndipo akasintha, woyang'anira seva ndiye amatsegula fayilo ndi kulemba nambala yatsopano pamanja. Dynamic DNS inasintha zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, wolemba nambala yatsopano ndi makina, osati munthu. Chachiwiri, TTL imaikidwa yaifupi kwambiri, kawirikawiri masekondi 60, kuti yankho lakale lisakhalitse m'maseva a anthu ena.

Mmene imagwirira ntchito

Mawu akuti Dynamic DNS amatanthauza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mabuku ena amazisakaniza.

Yoyamba ndi njira yovomerezeka yolembedwa m'chikalata cha RFC 2136 cha mu Epulo 1997, chomwe mkonzi wake anali Paul Vixie. Njirayi inawonjezera uthenga wotchedwa UPDATE m'chilankhulo cha DNS, kuti kompyuta izitha kuuza seva mwachindunji kuti ichotse kapena iwonjezere mzere. Kuti aliyense asamangosintha mayina a eni, uthengawo umasainidwa ndi kiyi yachinsinsi pogwiritsa ntchito TSIG, yomwe inabwera mu 2000. Pulogalamu ya nsupdate, imene imabwera ndi seva ya BIND, imagwira ntchito imeneyi, ndipo maofesi ogwiritsa ntchito Active Directory ya Microsoft amadalira njira yomweyi kuti kompyuta iliyonse ya wantchito izidzilembetsa yokha. Koma imafuna kuti munthu akhale ndi seva yake ya DNS, kapena chilolezo pa seva ya wina.

Yachiwiri ndi imene anthu wamba amatanthauza. Munthu amatsegula akaunti kwa kampani kapena gulu lopereka Dynamic DNS, monga No-IP, DuckDNS kapena FreeDNS ya afraid.org, ndipo amasankha dzina pansi pa domain ya gululo. Tiyerekeze kuti dzinalo ndi sitolo.example.com. Pa kompyuta ya kusitolo, kapena pa rauta yake, pamakhala kapulogalamu kamene kamayang'ana adiresi ya kunja pakapita mphindi zingapo zilizonse. Adiresi ikasintha kuchoka pa 203.0.113.7 kupita pa 198.51.100.24, kapulogalamuko kamatumiza uthenga wa HTTPS ku seva ya gululo, wokhala ndi dzina, pasiwedi kapena kiyi, ndi adiresi yatsopano. Nthawi zina sikafunikanso kutchula adiresi, chifukwa seva imaona yokha kumene uthengawo wachokera. Seva imasintha A record, ndipo mwini sitolo ali ulendo akalemba sitolo.example.com amapatsidwa nambala yatsopanoyo popanda iye kudziwa kuti chilipo chasintha.

Kalembedwe ka uthengawu kamene kanafala ndi kamene kanayambitsidwa ndi DynDNS, ndipo mapulogalamu ambiri amakatchula kuti dyndns2. Seva imayankha ndi mawu afupiafupi: good ngati yasintha adiresi, nochg ngati adiresi ndi yomwe inali nayo kale, badauth ngati pasiwedi ndi yolakwika, ndi abuse ngati dzinalo latsekedwa. Yankho lomalizali limabwera kwa amene amatumiza uthenga mobwerezabwereza adiresi isanasinthe. Ndiye chifukwa chake kapulogalamu kolembedwa bwino kamasunga adiresi yomaliza ndipo kamangolankhula pakakhala chatsopano. Mapulogalamu odziwika a mtunduwu pa Linux ndi ddclient ndi inadyn, ndipo marauta ambiri ogulitsidwa m'masitolo ali kale ndi tsamba la DDNS m'makonzedwe awo.

Pa funso lakuti kapulogalamuka kakhale pa rauta kapena pa kompyuta, rauta imapambana pa zinthu ziwiri: imadziwa nthawi yomweyo adiresi ikasintha, komanso imakhala yoyaka ngakhale kompyuta itathima. Kuipa kwake ndi kwakuti marauta otchipa amangodziwa makampani awiri kapena atatu, ena mwa iwo olipiritsa. Laputopu ndi malo oipa koposa oikapo kapulogalamuka, chifukwa mwini wake akapita nayo kusukulu kapena kuntchito, dzina lija limayamba kuloza kumeneko.

Pamakhalabe kanthawi kamene kompyuta siipezeka. Ngati kapulogalamu kamayang'ana pa mphindi 5 zilizonse ndipo TTL ndi masekondi 60, dzina likhoza kuloza adiresi yakale kwa mphindi pafupifupi 6. Kwa munthu wofuna kutenga fayilo pa kompyuta ya kunyumba zimenezi si kanthu. Kwa seva ya imelo kapena webusaiti ya malonda ndi vuto, ndipo ntchito zotere siziyenera kukhala pa adiresi yobwereka.

Mbiri ya makampani ake

DynDNS inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ngati ntchito ya wophunzira, Tim Wilde, pa koleji ya Worcester Polytechnic Institute ku Massachusetts m'dziko la United States. Inali yaulere ndipo poyamba inkayenda ndi zopereka za ogwiritsa ntchito. Pambuyo pake inasanduka kampani ya Dyn, yomwe likulu lake linali ku Manchester m'chigawo cha New Hampshire, ndipo inayamba kutumikira makampani akuluakulu. No-IP inayamba mu 1999, ndipo mwini wake ndi kampani ya Vitalwerks ya ku Reno m'chigawo cha Nevada.

Chaka cha 2014 chinaonetsa poyera kuopsa kodalira dzina la eni. Mu Meyi chaka chimenecho Dyn inasiya kupereka mayina aulere, patatha zaka pafupifupi 15. Anthu amene anali ndi marauta akale odziwa DynDNS yokha anayenera kulipira kapena kufuna njira ina. Kenako pa 30 Juni, kampani ya Microsoft, itatenga chilolezo ku khoti la boma ku Nevada, inalanda ma domain oposa 20 a No-IP. Microsoft inanena kuti zigawenga za pa intaneti zinkagwiritsa ntchito mayina a pansi pa ma domain amenewa polamulira makompyuta ogwidwa ndi mavairasi a Bladabindi ndi Jenxcus. Cholinga chinali kutseka mayina oipa okha ndi kusiya abwino, koma maseva a Microsoft analephera kusenza katunduyo, ndipo mayina mamiliyoni a anthu osalakwa anasiya kugwira ntchito. Patangopita masiku ochepa Microsoft inabweza ma domain aja, ndipo mu Julayi mbali ziwirizi zinagwirizana, Microsoft ndi kuvomereza kuti Vitalwerks sinathandize zigawengazo mwadala.

Nkhaniyi ikusonyezanso chifukwa chake maofesi ena amatseka ma domain onse a Dynamic DNS yaulere pa netiweki yawo. Chimene chimathandiza mwini sitolo kupeza kamera yake chimathandizanso wakuba kusuntha seva yake popanda kutaya makompyuta amene wawagwira.

Kampani ya Oracle inalengeza mu Novembala 2016 kuti ikugula Dyn. No-IP ikuperekabe mayina aulere, koma mwini dzina ayenera kutsimikizira pa masiku 30 alionse kuti akulifunabe, apo ayi limachotsedwa. Munthu amene ali ndi domain yakeyake angapewe zambiri mwa izi, poti makampani ngati Cloudflare amalola kuti kapulogalamu kazisintha A record kudzera pa API yawo. Dzina likakhala lake, akhoza kusamuka nalo kampani ikasintha malamulo.

Njira zosafuna DNS

Si onse amene amafuna dzina. Munthu amene akungofuna kudziwa nambala angalembe script ya mizere yochepa imene imafunsa adiresi ya kunja, kuiyerekeza ndi imene inasungidwa m'fayilo, ndipo zikasiyana imatumiza imelo kapena uthenga wa Telegram. Pa Linux script yotere imayendetsedwa ndi cron, pa Windows ndi Task Scheduler. Ena amalemba adiresiyo m'fayilo ya mu Dropbox kapena Google Drive, imene amatha kuitsegula ali kulikonse. Amene ali ndi seva ina ya adiresi yokhazikika amangouza kompyuta yakutali kuti izigogoda pa sevayo pakapita kanthawi, ndipo adiresi imaoneka m'kaundula wa seva.

Njira zimenezi zimagwira ntchito, ndipo ndi zabwino pophunzirira, koma zimasiyira munthu ntchito yokopera nambala nthawi iliyonse. Zilinso ndi msampha umodzi: ngati script yasunga adiresi yatsopano m'fayilo imelo isanatumizidwe, ndipo intaneti yadukanso pa nthawi yomweyo, script imaganiza kuti inanena kale ndipo sibwerezanso. Fayilo iyenera kusinthidwa pokhapokha uthenga ukatsimikizika kuti wapita.

Pamene kudziwa adiresi sikukwanira

Kudziwa adiresi ya kunja ndi chinthu china, kufika pa kompyuta ndi chinanso. Adiresiyo ndi ya rauta, ndipo rauta ikalandira uthenga umene palibe wa m'nyumba anaupempha, imautaya. Mwini wake ayenera kuiuza kuti uthenga wobwera pa port yakuti uzipita ku kompyuta yakuti. Zimenezi zimatchedwa port forwarding. SSH imagwiritsa ntchito port 22, Remote Desktop ya Windows port 3389, mawebusaiti port 80 ndi 443. Pamafunikanso kuti adiresi ya mkati ya kompyutayo ikhale yokhazikika, chifukwa rauta nayonso imabwereketsa maadiresi ndi DHCP, ndipo ikasintha ya kompyuta, uthenga umakagwera pa foni ya mlendo kapena pamalo opanda kanthu.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa ndi CGNAT. Maadiresi a IPv4 atasowa, makampani ambiri anayamba kuika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi ya kunja. Ndi NAT yomwe ija, koma yochitikira m'makina a kampani. Zili ngati mudzi wonse wolandirira makalata pa bokosi limodzi la positi la sukulu: kalata yoyankha munthu wodziwika imafika, koma yongolembedwa nambala ya bokosi popanda dzina ilibe kolowera. Kasitomala sangachite port forwarding pa makina a kampani. Dynamic DNS imagwira ntchito yake bwinobwino, dzina limaloza adiresi yoona, koma adiresiyo si ya munthu mmodzi ndipo palibe chimadutsa. Anthu amataya masiku akusinthasintha makonzedwe a rauta pa vuto limene silili m'nyumba mwawo.

Kuzindikira CGNAT ndi kosavuta. Munthu atsegule tsamba la rauta, aone adiresi ya WAN, ndipo aiyerekeze ndi imene webusaiti ngati icanhazip.com ikunena. Zikafanana, ali ndi adiresi ya kunja yakeyake. Zikasiyana, pali NAT ina kutsogolo. Adiresi ya WAN ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, palibenso chokayikitsa, chifukwa gulu limeneli linapatulidwira CGNAT m'chikalata cha RFC 6598 cha mu 2012. Makampani ena amagwiritsa ntchito maadiresi oyamba ndi 10.

Intaneti ya makampani a mafoni a m'manja pafupifupi kulikonse padziko imayenda motere, ndipo nkhaniyi ndi yofunika m'mayiko ngati Malawi, Zambia ndi Mozambique, kumene anthu ambiri, ngakhale masitolo ndi maofesi ang'onoang'ono, amalowa pa intaneti ndi simu khadi ya m'foni, ya mu MiFi kapena ya m'rauta. Starlink, yomwe inayamba kupereka intaneti m'mayiko atatuwa mu 2023, nayonso imaika makasitomala wamba kuseri kwa CGNAT pa IPv4. Malangizo ambiri a Dynamic DNS a pa intaneti analembedwa ndi anthu okhala ndi intaneti ya waya, ndipo satchula n'komwe zimenezi.

Kulumikiza kuchokera mkati

Popeza NAT yamtundu uliwonse imalola uthenga wotuluka, yankho ndi lakuti kompyuta yakutali ikhale yoyamba kulumikiza, ndipo isadule. Ikatero sipafunikanso kudziwa adiresi yake.

Njira yakale ndi reverse SSH tunnel. Kompyuta yakutali imalumikiza ku seva ya adiresi yokhazikika ndi lamulo la ssh -R, ndipo mwini wake amalowa pa sevayo ndi kutsata njira yomweyo chobwerera. Pulogalamu ya autossh imalumikizanso njirayo ikaduka. Ena amagwiritsa ntchito VPN. WireGuard, yolembedwa ndi Jason Donenfeld, yomwe inalowa mu Linux 5.6 mu Malichi 2020, imadziwa kompyuta ndi kiyi yake osati adiresi, ndipo uthenga wosainidwa bwino ukabwera kuchokera pa adiresi yatsopano imayamba kuyankha kumeneko. Kuti kaundula wa NAT asaiwale njirayo, kompyuta ya kuseri imatumiza kauthenga kakang'ono pafupipafupi, ndipo ambiri amaika masekondi 25. Chofunika kudziwa ndi chakuti WireGuard imasandutsa dzina kukhala nambala kamodzi kokha, poyamba. Ngati seva yake ili pa dzina la Dynamic DNS ndipo adiresi yasintha, pamafunika script yoikumbutsa kuti ifunsenso.

Tailscale ndi ZeroTier zimachita zonsezi zokha: kompyuta iliyonse imadzilembetsa ku seva ya kampani, ndipo sevayo imathandiza makompyuta awiri kupezana. TeamViewer ndi AnyDesk, zonse za ku Germany, zimapatsa kompyuta nambala ya ID yosasintha pa chifukwa chomwecho. Makamera ambiri a masiku ano nawonso amalumikiza okha ku seva ya kampani imene inawapanga. Njirazi ndi zosavuta, koma zimaika munthu m'manja mwa kampani ina, ngati mmene ogwiritsa ntchito No-IP analili mu 2014.

Chitetezo

Adiresi yosinthasintha sibisa kompyuta. Makina ofufuza amatha kuyendera maadiresi onse a IPv4 m'maola ochepa, ndipo port iliyonse yotsegula imayamba kugogodedwa tsiku lomwelo. Pa 21 Okutobala 2016 maseva a Dyn anathiridwa mauthenga ochuluka kwambiri mpaka anthu ambiri ku United States ndi ku Europe analephera kutsegula Twitter, Netflix, Reddit ndi Spotify. Mauthengawo ankachokera ku makamera, makina ojambulira a DVR ndi marauta ogwidwa ndi vairasi ya Mirai, yomwe inkangoyesa mayina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 amene zipangizo zimabwera nawo kuchokera kufakitale. Zipangizo zamtundu womwewu ndi zimene anthu ambiri amafunira Dynamic DNS.

Pa chifukwa chimenechi Remote Desktop ndi tsamba la kamera siziyenera kutsegulidwa mwachindunji pa intaneti. Ndi bwino kutsegula port imodzi yokha, ya VPN kapena ya SSH yolowera ndi kiyi m'malo mwa pasiwedi, zina zonse zizidutsa mkati mwake. Pasiwedi ya akaunti ya Dynamic DNS nayonso ndi yofunika kuisamala, poti woiba angaloze dzinalo ku kompyuta yake.

Palinso ngozi ina imene imabwera ndi adiresi yobwereka. Kompyuta ikathima kwa masiku, dzina limakhala likulozabe adiresi yakale, imene mwina yaperekedwa kwa munthu wina. Wolumikiza akhoza kupereka pasiwedi yake ku makina achilendo. SSH imateteza zimenezi posunga kiyi ya kompyuta iliyonse m'fayilo ya known_hosts, ndipo kiyi ikasiyana imakana kulumikiza ndi kuonetsa chenjezo lalikulu. Ambiri amangofufuta mzere wakale kuti chenjezolo lichoke. Pa dzina la Dynamic DNS ndi pofunika kuyamba wafufuza ngati dzinalo likulozadi kwanu.

IPv6

Mtundu watsopano wa adiresi, IPv6, uli ndi mabiti 128, ndipo maadiresi ake ndi ochuluka moti chipangizo chilichonse chikhoza kukhala ndi adiresi ya kunja yakeyake popanda NAT. Unafotokozedwa mu 1998 m'chikalata cha RFC 2460, ndipo makampani akuluakulu anauyatsa mokhazikika pa 6 Juni 2012. Kwa munthu wa kuseri kwa CGNAT, IPv6 ikhoza kukhala khomo lokhalo lolowera mwachindunji, bola netiweki imene akulumikizira nayonso ikhale nayo.

Komabe IPv6 sinathetse kusinthasintha. Makampani ambiri amasintha chigawo choyamba cha adiresi, chotchedwa prefix, rauta ikalumikiza mwatsopano, ndipo makompyuta ndi mafoni amadzipangira maadiresi ongoyembekezera amene amasintha pafupifupi tsiku lililonse kuti mwini wake asalondoledwe. Dynamic DNS imafunikabe, koma mzere wosinthidwa ndi AAAA record, ndipo adiresi yolembetsa ndi ya kompyuta yeniyeniyo, osati ya rauta. Kapulogalamu kayenera kusankha adiresi yokhalitsa pakati pa maadiresi angapo amene kompyutayo ili nawo, ndipo pa firewall ya rauta payenera kuikidwa lamulo lolola uthenga kulowa.